Tulo ta anthu okhala pafupi ndi bwalo la ndege si ta malonda

Ndege zoyamba zochokera kumayiko akutali zimayamba kutera pa bwalo la Heathrow, mumzinda wa London, cha m'ma 4:30 m'bandakucha. Anthu amene ali m'ndegemo analipira ulendo wawo ndipo akudziwa chimene akukachita kumene akupitako, pamene anthu a ku Hounslow ndi a m'madera ena amene ndegezo zimadutsa pamwamba pa madenga awo sanagule tikiti iliyonse, koma nawonso amalipira ulendo womwewo ndi tulo tawo. Kuzungulira bwalo limodzi lokhali, anthu oposa theka la miliyoni amakhala m'dera limene akatswiri oyeza amaliika m'gulu la madera aphokoso. Ine ndikuona kuti mtolo umenewu sudzapepuka chifukwa cha malonjezo a injini zatsopano, ngakhale kuti injinizo n'zabwinodi. Chimene chaonetsa kuti chimathandiza ndi lamulo lolembedwa, loika malire pa maola amene ndege zingauluke ndiponso pa chiwerengero chake, makamaka usiku, lokhala ndi chilango kwa aliyense woliphwanya.

Kunena chilungamo, opanga ndege achita zazikulu pa zaka 60 zapitazi, ndipo wokana zimenezi sanamvepo kulira kwa ndege zakale. Ndege zoyamba za jeti zonyamula anthu ambiri, monga Boeing 707 imene inayamba ntchito mu 1958, zinkatulutsa mpweya wotentha kumbuyo kwa injini pa liwiro loopsa, ndipo mkokomo unkabadwa pamene mpweya wothamangawo ukuwombana ndi mpweya wodekha wakunja. Injini zamakono zili ndi fani yaikulu kutsogolo imene imakankha mpweya wochuluka pa liwiro locheperapo, ndipo wambiri mwa mpweyawo sulowa n'komwe m'kati moyaka moto, umangodutsa m'mbali n'kufunditsa wotenthawo ngati bulangete. Amene anakhalapo pazenera m'ndege ya Boeing 787 mwina anaona kuti kumapeto kwa chikuto cha injini kuli mano onga a macheka, amene ntchito yake n'kuthandiza kuti mpweya wotentha ndi wozizira usakanikirane mofatsa. Nalo bungwe la ICAO, limene limakhazikitsa miyezo ya maulendo a ndege padziko lonse kuchokera ku likulu lake ku Montreal, lakhala likukhwimitsa muyezo wa phokoso pang'onopang'ono: wa Chapter 3 unabwera mu 1977, wa Chapter 4 mu 2006, ndipo wa Chapter 14 unayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2017. Ndege zakale za muyezo wa Chapter 2 zinaletsedwa m'mayiko a European Union kuyambira mu Epulo 2002.

Koma nkhani ya likhweru la ndege za Airbus A320 imaonetsa mmene makampani amayendera akasiyidwa okha. Ndegezi zinayamba ntchito mu 1988, ndipo kwa zaka zambiri anthu okhala makilomita ambiri kuchokera pa mabwalo ankadandaula za likhweru lobaya m'khutu limene linkamveka ndegezo zikamatsika. Gwero lake linali timabowo tozungulira kunsi kwa mapiko, toteteza matanki a mafuta kuti mpweya usapanikizike m'katimo, ndipo mphepo ikamadutsa pakamwa pa timabowoto inkalira monga momwe botolo limalirira munthu akauzira pamlomo pake. Mankhwala ake anali kachitsulo kokwana m'dzanja koikidwa kutsogolo kwa bowo lililonse. Kampani ya Lufthansa inayamba kuika tizitsuloti mu 2014, patatha zaka zoposa 25 likhwerulo likulira, ndipo makampani ena anafulumira pamene mabwalo monga Gatwick wa ku London anayamba kulipiritsa ndalama zambiri ndege zosakonzedwa. Ngati kachitsulo kotchipa chonchi kanadikira kuti anthu akuwe ndiponso kuti thumba la kampani likhudzidwe, sindikuona chifukwa chokhulupirira kuti zinthu zodula zidzachitika mwa kufuna kwa makampani okha.

Muyezo watsopano wa ICAO umakhudzanso mitundu yatsopano yokha ya ndege imene ikupempha chiphaso, osati ndege zimene zili kale mumlengalenga, pamene ndege imodzi ikhoza kugwira ntchito zaka 25 kapena kuposerapo. Ikakalamba pa ntchito yonyamula anthu, kawirikawiri imagulitsidwa kwa kampani ya ndalama zochepa kapena imachotsedwa mipando n'kukhala yonyamula katundu, ndipo ndege za katundu ndizo zimakonda kuuluka usiku, moti ndege yaphokoso kwambiri imapezeka ikuuluka pa ola limene phokoso limapweteka kwambiri. Komanso ndege ikamatera injini zimakhala zitachepetsedwa moto, ndipo gawo lalikulu la phokoso limachokera ku thupi la ndegeyo, pamene mphepo ikuwomba matayala otsitsidwa ndi zigawo za mapiko zotambasulidwa. Injini ifatse bwanji, chinthu cholemera matani 200 chotsika pamwamba pa nyumba sichingadutse mwakachetechete ngati kadzidzi.

Pagona nkhani, komabe, ndi pa kawerengedwe ka phokosolo. Phokoso limayezedwa ndi madesibelo, ndipo muyezo umenewu suyenda monga momwe anthu ambiri amaganizira. Kuwonjezera madesibelo 3 okha n'kuwirikiza kawiri mphamvu ya phokoso, pamene khutu la munthu limafuna kusiyana kwa madesibelo pafupifupi 10 kuti limve kuti phokoso lakula kawiri kapena lachepa ndi theka. Tsono maboma ndi eni mabwalo amakonda kulengeza avereji ya phokoso la tsiku lonse kapena ya chaka chonse, yophatikiza nthawi imene ndege ikudutsa ndi nthawi ya bata. Ngati ndege iliyonse yachepetsa phokoso ndi madesibelo 3, kusiyana kumene munthu woima pakhomo pake sangakumve bwinobwino, bwalo likhoza kuwirikiza kawiri chiwerengero cha ndege, avereji n'kukhalabe pomwe inali. Lipoti lapachaka lidzanena kuti zinthu sizinaipe, mapu a phokoso adzafanana ndi a chaka chatha, koma mphunzitsi amene ankasiya kulankhula ka 20 pa tsiku kuti ndege idutse tsopano akusiya ka 40. Munthu wogona sadzidzimuka ndi avereji, amadzidzimuka ndi ndege imodzi imene yadutsa pa 4:50 m'bandakucha, ndipo ina ikatsatira patapita mphindi zitatu tulo tathera pomwepo.

Boma la America lakhala likugwiritsa ntchito avereji ya madesibelo 65 ngati malire a phokoso limene dera lokhala anthu lingapirire, podalira kawerengedwe kakale kosonyeza kuti pa muyezo umenewo anthu pafupifupi 12 pa 100 alionse ndiwo amavutika kwambiri. Mu 2021 bungwe la FAA, loyang'anira maulendo a ndege m'dzikolo, linatulutsa kafukufuku wakewake wofunsa anthu oposa 10,000 okhala pafupi ndi mabwalo 20, ndipo linapeza kuti pa muyezo womwewo ovutika kwambiri ndi pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Ndege zinali zitafatsa, koma kudandaula kunali kutakula. Wina akhoza kunena kuti anthu a masiku ano sachedwa kunyansidwa, koma tanthauzo lapafupi n'lakuti muyezowo sukuyeza chimene anthu akumva. Ku Australia, pambuyo pa mkangano umene unabuka msewu wachitatu wa ndege utatsegulidwa pa bwalo la Sydney mu 1994, akuluakulu anayamba kufalitsanso chiwerengero cha ndege zopitirira madesibelo 70 zimene zimadutsa dera lililonse pa tsiku. Nambala imeneyo munthu wamba akhoza kuimvetsa, akhozanso kuitsimikizira yekha atakhala pakhonde ndi cholembera, ndipo bwalo lililonse liyenera kukakamizidwa kuifalitsa.

Madokotala anaichotsa kale nkhaniyi m'gulu la madandaulo wamba. Thupi la munthu wogona limamvabe, moti ndege ikadutsa mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amakwera kwa kanthawi, ngakhale mwiniwakeyo asatsegule maso ndipo m'mawa asakumbuke kalikonse. Kafukufuku wa HYENA, amene anatuluka mu 2008 atafufuza anthu pafupifupi 5,000 okhala pafupi ndi mabwalo 6 a ku Ulaya, anapeza kuti kukula kwa phokoso la ndege usiku kumayendera limodzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Potengera umboni wa mtundu umenewu, mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mayiko a ku Ulaya kuti avereji ya phokoso la ndege isamapitirire madesibelo 45 pa tsiku lonse ndi madesibelo 40 usiku, malire amene ali pansi kwambiri poyerekeza ndi 65 wa ku America uja.

Umboni umene umandikhudza kwambiri ndi wa ana. Mu Meyi 1992 mzinda wa Munich ku Germany unatseka bwalo lake lakale la Riem n'kutsegula latsopano kudera lina, ndipo ofufuza anapeza mwayi wosowa woyesa ana a m'madera onse awiri bwalo lisanasamuke ndiponso litasamuka. Ana okhala pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira zinthu phokoso litatha, pamene anzawo okhala pafupi ndi bwalo latsopano anabwerera m'mbuyo pa zinthu zomwezo. Kafukufuku wina wa RANCH, amene anatuluka mu 2005 atayesa ana oposa 2,800 a zaka 9 ndi 10 m'masukulu oyandikana ndi mabwalo a Heathrow, Schiphol ku Amsterdam ndi Barajas ku Madrid, anapezanso kuti sukulu ikakhala paphokoso lalikulu la ndege ana amachedwa kumvetsa zimene akuwerenga. Mwana wa zaka 9 sanasankhe kumene makolo ake amakhala, ndipo sadziwa n'komwe kuti pali chimene akulandidwa.

Popeza usiku ndiwo umapweteka kwambiri, mankhwala ayenera kuyambira usiku, ndipo mzinda wa Frankfurt ku Germany ukuonetsa kuti n'zotheka ngakhale pa bwalo lalikulu. Eni bwalolo atafuna msewu wachinayi wa ndege, panakhala zokambirana zazitali pakati pa 1998 ndi 2000, zimene zinathera pa mfundo yakuti bwalo likule koma usiku ndege zisamauluke. Patapita zaka, boma la chigawo cha Hesse, mmene muli Frankfurt, linayesa kufewetsa lonjezolo polola maulendo 17 usiku uliwonse, ndipo anthu pamodzi ndi makhonsolo a m'deralo anakamang'ala kukhoti. Msewu watsopanowo unatsegulidwa mu Okutobala 2011 limodzi ndi chiletso cha maulendo kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo mu Epulo 2012 khoti lalikulu la dziko la Germany la ku Leipzig linagamula kuti chiletsocho chikhale. Kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu ankasonkhanabe Lolemba lililonse madzulo m'nyumba yokwerera ndege ya Terminal 1 kuchita zionetsero, mwa zina chifukwa maola 6 a bata si usiku wathunthu kwa mwana wasukulu, ndipo pa mfundo imeneyo ndikugwirizana nawo. Komabe maola 6 otetezedwa ndi chigamulo cha khoti ndi chinthu chogwirika, chosiyana kutali ndi lonjezo la kampani lakuti idzayesetsa.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si bwino kuzipeputsa. Iwo amati walira mvula walira matope: mzinda umene ukufuna ntchito, alendo ndi malonda uyenera kulandiranso phokoso. Ndege yochoka ku Hong Kong kapena ku Singapore usiku imafika ku Ulaya m'bandakucha chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, osati chifukwa cha nkhanza za woyendetsa. Katundu wachangu monga mankhwala ndi maluwa amayenda usiku kuti afike m'mawa. Ndipo ndege yodula ikangoima pansi usiku wonse ndiye kuti chuma chagona. Zonsezi n'zoona. Koma mwambiwo umanena za munthu mmodzi amene walira mvula n'kulandira matope ake, pamene pa nkhani ya ndege wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi winanso. Ndipo mantha akuti chiletso chimapha bwalo sanakwaniritsidwe kumene chinayesedwa. Frankfurt idakali m'gulu la mabwalo akuluakulu a katundu ku Ulaya patatha zaka zoposa 10. Bwalo la Orly ku Paris lakhala likutseka kuyambira 11:30 usiku mpaka 6 koloko m'mawa kuchokera mu 1968. Ku Sydney chiletso cha 11 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa chinalembedwa m'lamulo la nyumba ya malamulo mu 1995, ndipo bwalo la Itami ku Osaka, kumene mlandu wa anthu oyandikana nalo unafika mpaka kukhoti lalikulu la Japan mu 1981, limatseka 9 koloko usiku.

Chofooka chenicheni cha chiletso chili kwina. Ndege zothamangitsidwa pa bwalo limodzi sizisowa, zimasamukira kwa anthu ena. Kampani ya DHL italephera kupeza maulendo ausiku ochuluka ku Brussels, inasamutsira likulu lake la katundu ku bwalo la Leipzig/Halle mu 2008, kumene ndege za katundu zimauluka usiku wonse. Ku Sydney komweko, bwalo latsopano la ku Badgerys Creek, kumadzulo kwa mzindawo, linakonzedwa kuti lizigwira ntchito usana ndi usiku popanda chiletso, kutanthauza kuti usiku umene anthu a mbali imodzi ya mzinda anaukana waperekedwa kwa anthu a mbali ina. Komanso chiletso chikaikidwa, makampani amapanikiza ndege zawo m'maola a m'mphepete, moti ola loyamba la m'mawa limakhala laphokoso kuposa kale. Zimenezi sizikutanthauza kuti chiletso n'chachabe, zikungotanthauza kuti sichiyenera kukhala nkhondo ya mzinda uliwonse pawokha, momwe dera losauka ndi losowa maloya ndilo limatsala ndi phokoso lonse. Kumene kutseka kotheratu sikungatheke, njira ya ku Heathrow ndi yoyambirapo: kuyambira mu 1993 mtundu uliwonse wa ndege umapatsidwa mapointi malinga ndi phokoso lake, bwalo lili ndi mapointi owerengeka oti ligwiritse ntchito usiku, ndipo maulendo a pakati pa 11:30 usiku ndi 6 koloko m'mawa sayenera kupitirira 5,800 pa chaka. Amenewa ndi maulendo pafupifupi 16 usiku uliwonse, ndipo aliyense amene anagonapo pansi pa njira ya ndege akudziwa kuti 16 si ochepa.

Masana palinso zambiri zimene zingachitike popanda kuletsa ndege ngakhale imodzi. Kale ndege zinkatsika ngati munthu wotsika masitepe, kutsika pang'ono, kuuluka mopingasa, kenako kutsikanso, ndipo pa sitepe iliyonse woyendetsa ankawonjezera moto ali pafupi ndi madenga a anthu. Kutsika kosalekeza, injini zitachepetsedwa moto kuyambira kumwamba, kumachepetsa phokoso ndiponso kumapulumutsa mafuta, n'chifukwa chake makampani sakukana. Ndege zambiri zimatsika mopendekeka madigiri 3. Ku Frankfurt anakweza kufika pa 3.2 pa msewu watsopano uja, ndipo pa bwalo laling'ono la London City zimatsika pa madigiri 5.5, zimene zimachititsa kuti zikhalebe m'mwamba mpaka zitayandikira. Koma luso lamakono labweretsanso vuto lake. Ndege zotsogoleredwa ndi masetilaiti zimatsata mzere umodzi ndendende, moti phokoso limene kale linkamwazikana pa dera lalikulu tsopano limagwera nyumba zomwezomwezo tsiku lonse. M'malipoti chiwerengero cha okhudzidwa chimatsika, pamene otsala pansi pa mzerewo sakhalanso ndi mpata wopuma. Mu Seputembala 2014 bungwe la FAA linasintha njira za ndege ku Phoenix popanda kukambirana mokwanira ndi anthu a mumzindawo, khonsolo inakasuma, ndipo mu Ogasiti 2017 khoti linagamula kuti bungwelo linalakwitsa. Ku Heathrow, ndege zikamatera kuchokera kum'mawa, misewu iwiri ya bwalolo imasinthana ntchito 3 koloko masana, kuti dera lililonse lipeze theka la tsiku la bata. Funso lakuti phokoso liunjikidwe pa anthu ochepa kapena ligawidwe kwa ambiri si la mainjiniya, ndi funso la chilungamo, ndipo oyenera kuliyankha ndi amene adzakhale pansi pa mzerewo.

Pamamvekanso mawu akuti anthuwo anapeza bwalo lilipo kale, ndiye akudandauliranji. Mawuwa amamveka anzeru mpaka munthu atafunsa kuti ndi bwalo liti limene analipeza, chifukwa banja limene linamanga nyumba pamene ndege zinali zowerengeka pa tsiku silinavomereze ndege mazanamazana, ndipo njira za ndege zimasinthidwa n'kufika kumadera amene kale kunali zii. Malo oyandikana ndi bwalo amakhalanso otsika mtengo, choncho amakoka anthu amene alibe kwina kopita, ndipo amene amadula mapuloti n'kupereka zilolezo zomangira ndi maboma omwewo amene pambuyo pake amati anthu anadziputira okha. Pano ndipo pamene madzi akatayika saoleka. Mzinda ukazinga bwalo, chotsala n'kusamutsa anthu kapena kusamutsa bwalo, ndipo zonsezi n'zodula koopsa. Hong Kong inatseka bwalo la Kai Tak mu 1998, kumene ndege zinkadutsa pafupi kwambiri ndi madenga a nyumba zosanja, n'kumanga lina pa chisumbu cha Chek Lap Kok. Japan inamanga bwalo la Kansai pa chisumbu chochita kupanga m'nyanja, limene linatsegulidwa mu 1994, mwa zina pothawa mavuto a phokoso a ku Itami. Mzinda wa Denver ku America unatsegula bwalo lake latsopano mu 1995 pa malo oposa masikweya kilomita 130. Kusunga malo opanda nyumba, masukulu ndi zipatala kumapeto kwa msewu wa ndege n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zonsezi, koma kumafuna akuluakulu otha kukana ndalama za lero.

Kuika mazenera a magalasi awiri ndi kutchinga madenga kumathandiza, ndipo kumene nyumba zamangidwa kale kuyenera kuchitika. Koma kumagwira ntchito zenera likakhala lotseka, ndipo kumayiko otentha, kumene anthu amagona mazenera ali pululu, phindu lake limachepa kwambiri. Sikuteteza mwana wosewera panja kapena munthu wopuma pakhonde. Chimene ndimayamikira ku France ndi mfundo ya wolipira. Kumeneko makampani a ndege amalipira msonkho wa phokoso pa ndege iliyonse yonyamuka pa mabwalo akuluakulu, msonkhowo umakwera ndege ikakhala yaphokoso kapena ikanyamuka usiku, ndipo ndalamazo zimapita kukatchinga nyumba za anthu oyandikana ndi bwalo. Kuyambira mu 1999 kulinso bungwe loima palokha la ACNUSA, lokhala ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa kampani yophwanya malamulo a phokoso. Mwiniwake wa bwalo sangakhale woweruza pa mlandu wokhudza makasitomala ake, ndipo ofesi ya madandaulo imene imalipidwa ndi bwalo lomwelo imathera pa kuwerenga madandaulo n'kuwasunga.

Chopinga chachikulu chili m'malamulo a pakati pa mayiko. Mu 2001 bungwe la ICAO linavomereza ndondomeko yakuti phokoso lizichepetsedwa kudzera m'kukonza ndege, kusamala kagwiritsidwe ntchito ka malo, kusintha kaulukidwe, ndi kuika ziletso, koma ziletsozo zizibwera pokhapokha njira zinazo zitaganiziridwa kaye. Mawu ake ndi ofatsa, koma m'manja mwa makampani ndondomekoyi yakhala chida chochedwetsera. Mu 2022 boma la Netherlands linalengeza kuti lichepetsa maulendo a pa bwalo la Schiphol kuchoka pa 500,000 kufika pa 440,000 pa chaka. Makampani anakasuma, boma la America linaopseza kuti libwezera, akuluakulu a European Union anakayikira ngati ndondomeko inatsatidwa, ndipo mu Novembala 2023 gawo loyamba la dongosololo linaimitsidwa. Patangopita miyezi inayi, mu Malichi 2024, khoti la ku The Hague, ku Netherlands komweko, linagamula kuti boma lomwelo lakhala likulephera kuteteza anthu oyandikana ndi bwalolo, poika zofuna za maulendo a ndege patsogolo pa ufulu wawo. Anthu a ku Heathrow anaonanso zofanana pa mlandu wa Hatton, wokhudza ndege zausiku, ku khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Strasbourg, kumene anapambana mu 2001, chigamulocho n'kutembenuzidwa pa mfundo yaikulu mu 2003.

Zimene zinachitika ku Schiphol zikuonetsa kuti kulanda makampani maulendo amene anapatsidwa kale n'kovuta ngakhale kwa boma lolemera. Nthawi imene anthu oyandikana ndi bwalo amakhala ndi mphamvu ndi pamene eni bwalo akupempha chinachake, kaya msewu watsopano, nyumba yatsopano yokwerera ndege, kapena chilolezo chowonjezera maulendo. Chiletso cha ku Frankfurt chinabwera ngati mtengo wa msewu wachinayi, ndipo malire a maulendo 480,000 pa chaka ku Heathrow anaikidwa mu 2001 ngati mtengo wa chilolezo chomangira Terminal 5. Mabwalo ambiri padziko lapansi adakali aang'ono, ndege zake n'zowerengeka pa tsiku ndipo kumapeto kwa misewu yake kudakali tchire, moti atsogoleri ake akhoza kuona ngati nkhaniyi ndi ya mizinda ikuluikulu yokha. Komatu kumeneko ndi kumene maola a bata, malire a maulendo ausiku, malo osaloledwa kumangapo nyumba ndi makina oyeza phokoso amene zotsatira zake aliyense angazione zikhoza kulembedwa m'chilolezo cha bwalo popanda kulanda aliyense kanthu, kampani yoyamba ya katundu isanabwere kudzapempha kutera 2 koloko usiku.